Kalata Yotseguka kwa Akuluakulu a Mayunivesite a Boma pa Misonkhano ya Maphunziro Imene Ikubwera

Kwa a Vice-Chancellor onse, akuluakulu oyang'anira kafukufuku, ndi makomiti okonza misonkhano ya maphunziro ku University of Malawi, MUBAS, KUHeS, LUANAR, Mzuzu University ndi MUST.

Mabwana ndi madona olemekezeka,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito. Ndinagwira choko zaka 31 m'sukulu za pulayimale za m'chigwa cha nyanja ya Chilwa, ndipo masiku ano ndimalima mpunga kudambo, ndimaweta nkhuku zochepa, komanso ndine mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'dera lathu. Ndalemba kalatayi podziwa kuti chaka chilichonse sukulu zanu za ukachenjede zimakhala ndi misonkhano ikuluikulu yofotokozera zotsatira za kafukufuku, maphunziro apoyera amene mumati aliyense ndi wolandiridwa, ndi mitsutso ya nkhani za dziko, ndiponso kuti pamene ndikulemba pano makomiti anu ali kalikiliki kukonza ya m'tsogolomu, kusankha mitu, kupeza malo, kuitana alendo ndi kuwerengera ndalama. Ndikufuna mawu anga akupezeni ndondomekozo zisanapite kosindikiza, chifukwa zikatuluka mudzangotiuza kuti tinachedwa kunena.

Pempho langa ndi limodzi, ngakhale ndilizungulira mbali zingapo. Zambiri zimene zidzakambidwe m'misonkhanoyo munazitenga kwa ife anthu wamba, m'makomo mwathu, m'minda mwathu ndi m'matupi mwathu, choncho ikonzeni mwa njira yoti eni nkhanife tidziwe kuti ikuchitika, tithe kufikako kapena kuimvera, timve zimene zikunenedwa, ndipo tiyankhepo.

Ndiyambe ndi zimene ndinaona ndi maso anga. Zaka zingapo zapitazo kunabwera galimoto m'mudzi mwathu itanyamula anyamata ndi atsikana ophunzira bwino, zikwama kumsana, matabuleti m'manja. Anayambira kwa amfumu monga mwa mwambo, amfumu anatuma mnyamata kukamema anthu, ndipo tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango wa pabwalo. Mtsikana amene ankatsogolera gululo anawerenga chikalata chopempha chilolezo chathu, ndipo ndinene mosabisa kuti Chichewa chake chinali chomveka kuposa cha m'mabuku ena amene ndinaphunzitsira ana. Chinafotokoza cholinga cha kafukufukuyo, chinatiuza kuti tili ndi ufulu wokana, kuti dzina la munthu silidzatuluka, ndiponso kuti zotsatira zake zidzathandiza anthu a dera lino. Odziwa kulemba tinasaina, ena anadinda chala. Kwa masiku anayi anawo anayenda khomo ndi khomo kufunsa kuti tadya chiyani sabata imeneyo, tinakolola matumba angati, tili ndi ngongole kwa yani, madzi akumwa timatunga kuti. Ana aang'ono anawayeza mkono ndi kalamba kaja ka mitundu itatu, ndipo mayi wina amene ndimamudziwa bwino anaulula kwa mlendo za njala ya m'nyumba mwake, zimene sakanauza ngakhale mlamu wake. Tsiku lomaliza anatsanzika mwaulemu, galimoto inanyamuka, ndipo mpaka lero sitinamve kuti anapeza chiyani. Mayi uja tikakumana kuchigayo amandifunsabe kuti, "Aphunzitsi, kodi mayeso aja tinakhoza kapena tinalephera?" Amanena moseka, koma ine ndimasowa poyang'ana.

Sinditchula amene anatuma anawo, chifukwa si iwo okha, ndipo mudzi uliwonse wa m'chigwa chino uli ndi nkhani yofanana ndi imeneyi. Chimene chimandiwawa n'chakuti pamene mukufuna chala chathu papepala, mawu a Chichewa, Chiyao ndi Chilomwe amapezeka, ndipo makomiti oona kuti kafukufuku akutsata malamulo amaonetsetsa kuti chikalata cha chilolezo chamasuliridwa ntchito isanayambe. Koma ikakwana nthawi yonena zimene zapezeka, timamva kuti mawu a sayansi ndi ovuta kuwamasulira, ndipo zonse zimakakambidwa m'Chingerezi, m'holo yakutali, pamaso pa anthu amene ana awo sanayezedwe mkono. Chilankhulo chimene chinakwanira popempha sichingalephere pobweza.

Taonani za nyanja ya Chilwa, imene ndakhala m'mphepete mwake moyo wanga wonse. Akatswiri a University of Malawi anayamba kuifufuza kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, sukuluyo itangotsegulidwa kumene mu 1965, ndipo kuchokera nthawi imeneyo zolemba za nyanjayi zachuluka zedi. Amadziwa kuti ndi yosaya, kuti ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi kuti mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa, monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, ndiponso mu 2018 pamene mabwato ambiri a padoko la Kachulu anakhala pamatope ong'aluka. Inalembedwanso pakati pa madambo ofunika pa dziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Zonsezi zili m'mabuku. Koma msodzi wogona m'chimbowera pakati pa mabawe ndi milulu, mayi woyanika matemba ndi kuwamba milamba padoko, mlimi wa kusikimu ya Likangala kapena ya Domasi, ali ndi mafunso amene amamusowetsa tulo. Akufuna kudziwa kuti kudula mitengo m'phiri la Zomba ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Thondwe kwaikwirira bwanji nyanjayi, ngati nyengo yotseka nyanja ikuchulukitsadi nsomba kapena ikungolemeretsa ozemba malamulo, ndi mbewu ya mpunga imene ingapirire madzi akachepa. Ndipo anthu amenewa sangabwere kudzangolandira. Nkhalamba za pachilumba cha Chisi zinayendapo pansi pouma pamalo pamene lero pakuyenda mabwato, zimadziwa maiwe a m'mitsinje momwe nsomba zimabisala nyanja ikaphwa ndi momwe zimabwererera madzi akadzaza. Msonkhano wokamba za Chilwa wopanda munthu mmodzi wa ku Chisi umataya zinthu zimene palibe kompyuta ingazipereke.

Chinthu chachiwiri ndinachiona nditapita kukacheza kwa mwana wanga m'tauni ina komwe kuli imodzi mwa sukulu zanu. Mdzukulu wanga anandionetsa pafoni chilengezo chimene chinkayenda pa WhatsApp ya ophunzira, chonena kuti mawa lake kukhala phunziro lapoyera la kusintha kwa nyengo ndi chakudya, loyamba 2 koloko masana, ndipo pansi pake panalembedwa m'Chingerezi kuti onse ndi olandiridwa. Ndinasita jekete yanga, ndinakwera minibasi kenako kabaza. Pageti mlonda anandifunsa chiphaso cha sukulu, ndipo nditamuuza kuti ndabwerera phunziro lapoyera anati iye sanauzidwe, moti ndinaima padzuwa mpaka wophunzira wina wachifundo anandiperekeza. Holo inali yabwino, mizere itatu yakutsogolo itasungidwira alendo. Mlendo wolemekezeka anafika nthawi itapitirira ndi ola limodzi ndi theka. Kenako panabwera pemphero, malonje, ndi akuluakulu anayi otsatizana, aliyense akuyamba watchula maudindo a onse okhala kutsogolo asananene mawu ake. Pofika nthawi yoti mwini phunziro ayankhule dzuwa linali litapendeka, ndipo bamboyo, amene ndinaona kuti nkhani yake ankaidziwadi, anathamanga nayo ngati wothawa mvula, zithunzi za manambala zikusinthana pakhoma tisanathe kuziwerenga.

Mafunso analola atatu okha. Awiri oyamba anachokera kwa aphunzitsi anzake, ndipo kunena zoona sanali mafunso koma timaphunziro tina tapadera. Wachitatu anali mayi wa chitenje amene anakhala kumbuyo pafupi ndi ine, amene ndinadzamva pambuyo pake kuti amagulitsa ufa ndi nyemba pamsika ndipo anaitanidwa ndi mwana wake wophunzira pomwepo. Anayamba ndi kupepesa kuti ayankhula m'Chichewa. M'holo munamveka kuseka kwapansipansi, kosachokera mumtima woipa koma kokwanira kufooketsa munthu. Iye anapitiriza, nafunsa kuti popeza abambo anena kuti mvula izidula msanga, nanga mbewu yocha msanga imene akulimbikitsayo, imene anankafumbwe amaiboola Okutobala asanafike, aziisunga bwanji anthu opanda ndalama ya mankhwala. Kwa ine limenelo linali funso lolemera kuposa onse a tsikulo. Woyendetsa mwambo anayang'ana wotchi, nalimasulira m'Chingerezi mwachidule mpaka linatsala mafupa okhaokha, mwini phunziro anayankha m'Chingerezi kwa mphindi imodzi, ndipo tinauzidwa kuti tiimirire alendo atuluke kukajambulitsa. Panja mayiyo anandifunsa kuti, "Bambo, ayankha kuti chiyani?" Ndinamumasulira tikuthamangira minibasi yomaliza, ndipo ndimaopa kuti tsiku limenelo ndinali kandimverere amene anakanena za m'maluwa.

Tsono tiyambire pa kalengezedwe. Chilengezo chongoikidwa pa tsamba la intaneti la sukulu, pa Facebook ndi pa bolodi la pakhonde la ofesi chimafika kwa anthu amene ali kale m'kati mwa mpanda. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Amalawi tinalipo 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa anthu 100 alionse tinkakhala kumudzi, komwe uthenga umayenda ndi wailesi, amfumu, kutchalitchi, kumzikiti ndi pamsika. Si chinthu chovuta kuti sukulu iliyonse, teremu ikamayamba, itulutse pepala limodzi lokhala ndi misonkhano yonse ya miyezi ikubwerayo, losonyeza tsiku, nthawi, malo, mutu wa nkhani m'mawu osavuta, ndi kunena poyera ngati polowa n'polipira kapena ayi. Pepalalo lipite ku khonsolo ya boma, kwa mafumu akuluakulu, kwa alangizi a maphunziro a m'mazoni ndi kwa alangizi a zaulimi ndi a zaumoyo, ndipo liwerengedwe pawailesi monga amawerengera mauthenga a maliro ndi a ukwati. Alonda a pageti nawonso auzidwe, chifukwa kwa munthu wochokera kunja mlonda ndiye yunivesite yoyamba imene amakumana nayo. Posankha tsiku, kumbukirani kuti wolima sangasiye khasu mu Disembala ndi Januwale, ndipo zokambirana za feteleza zimene zaikidwa sabata imene alimi akugona pamzere wogula fetelezayo zimakhala zakonzedwera ena. Kuyambira Juni mpaka Sepitembala anthu amakhala atakolola ndipo misewu imakhala youma. Muziyamba m'mawa n'kumaliza dzuwa likadali m'mwamba, popeza si onse amene amabwera ndi dalaivala wowadikira panja.

Ndikudziwa yankho limene ena mwa inu mwakonza kale, ndipo si lopanda nzeru. Msonkhano wa akatswiri ndi malo amene ofufuza amasulana okhaokha, amatsutsana pa njira zimene anatsata ndi pa masamu awo, amalandira anzawo ochokera ku Zambia, ku Kenya, ku Britain ndi kwina, ndipo mphunzitsi wa payunivesite amakwezedwa pantchito chifukwa cha zimene wasindikiza m'Chingerezi m'magazini a akatswiri, osati chifukwa choyankhula pansi pa mtengo wa mango. Zimenezo sindikulimbana nazo, ndipo sindikupempha kuti muchepetse kuya kwa maphunziro anu. Ndikupempha kuti pa masiku awiri kapena atatu a msonkhano, theka la tsiku limodzi lokha likhale la anthu, m'chilankhulo cha dera limene sukuluyo ili kapena la kumene kafukufukuyo anachitikira, kaya ndi Chitumbuka ndi Chitonga ku Mzuzu, Chichewa ku Bunda, Chiyao ndi Chilomwe pamodzi ndi Chichewa ku Zomba ndi ku Thyolo, kapena Chisena nkhani ikakhala ya kuchigwa cha Shire. Ofufuza atatu kapena anayi amene ntchito yawo ikukhudza moyo wa tsiku ndi tsiku apatsidwe mphindi 15 aliyense, ndipo nthawi yotsalayo, imene iyenera kukhala yochuluka, ikhale ya mafunso ndi mayankho. Makhonsolo a sukulu zanu atayamba kuwerengera ntchito imeneyi pokweza anthu, mungadabwe kuona kuchuluka kwa madokotala ndi mapulofesa amene angakumbukire mwadzidzidzi chilankhulo cha amayi awo.

Zoti mawu a sayansi samasulirika ine sindizikhulupirira kwenikweni. Mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi amafotokoza tsiku ndi tsiku za tizilombo toyambitsa matenda, za chitetezo cha m'thupi ndi za katemera, ndipo amayi kusikelo amamva. Pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, atolankhani a pawailesi anaifotokoza nkhaniyo m'Chichewa tsiku lomwelo, ndipo wogulitsa tomato anaimvetsa, popeza mtengo wa sopo ndi mafuta ophikira unadzamuuza zomwezo patangopita masiku. Komanso ku Zomba muli ndi Centre for Language Studies, imene inakhazikitsidwa mu 1996 m'malo mwa Chichewa Board, ndipo akatswiri ake anasonkhanitsa mtanthauziramawu ndi kukonza malamulo a kalembedwe ka zilankhulo zingapo za dziko lino. Apatseni ntchitoyi pamodzi ndi ndalama yake, kuti pepala lililonse lokhudza anthu a dera linalake likhale ndi chidule cha tsamba limodzi m'chilankhulo chawo, chimene chingatumizidwe ku makomiti a chitukuko ndi kusukulu za m'deralo msonkhano ukatha. Ophunzira a zilankhulo ndi a utolankhani akhoza kumamasulira pakamwa m'holo, ntchitoyo n'kuwerengedwa ngati gawo la maphunziro awo. Gawo 26 la malamulo oyendetsera dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chilankhulo chimene wasankha, motero mayi wa chitenje uja sankayenera kupepesa kwa wina aliyense.

Zimene ndikupemphazi si zachilendo kwa inu. M'zaka za m'ma 1980 gulu la zisudzo loyendayenda la ku Chancellor College, limene a Chris Kamlongera anali mmodzi mwa atsogoleri ake, linkatuluka mu Zomba kupita m'midzi kukachita masewero m'Chichewa pa nkhani za umoyo ndi chitukuko, ndipo anthu sankangoonerera koma ankalowa m'bwalo kutsutsana ndi ochita sewerowo. Lero muli ndi zida zimene iwo analibe. Ku Zomba kuli wailesi ya Chanco, ndipo m'maboma muli mawailesi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi, Mudzi Wathu ku Mchinji, ya Nkhotakota ndi ya Mzimba. Kuulutsa pa Facebook n'kothandiza kwa ana athu a m'tauni ndi a ku Johannesburg, koma kuonera maola awiri kumadya bandulo ya ndalama zimene kumudzi n'zogulira ndiwo za masiku angapo, pamene wailesi ya mabatire awiri imamvedwa ndi khonde lonse. Ulutsani zokambiranazo pompopompo, lolani omvera aimbe foni kapena atumize mauthenga, ndipo mubwereze madzulo anthu ataweruka kumunda.

Pali chifukwa china chimene chikundichititsa kulimbikira, ndipo n'chokhudza chitetezo cha ofufuza anu omwe. Mu 2017 mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe, kufupi ndi kwathu kuno, n'kufalikira ku Thyolo, ku Chiradzulu mpaka ku Blantyre. Anthu osalakwa anaphedwa, ndipo ogwira ntchito za umoyo ndi a mabungwe anayamba asiya kuyenda m'midzi ina. Sindikunena kuti kafukufuku ndiye anabala mphekeserayo, mizu yake ndi yakale ndipo ndi yambiri. Koma ndikudziwa kuti kholo limene linaona mlendo akutenga magazi a mwana wake m'kabotolo, osabweranso kudzanena chimene anapezamo, silivuta kunamizidwa. Ofufuza ambiri a zaumoyo anaphunzirapo kanthu pa zinthu ngati zimenezi, ndipo ena ali ndi makomiti a anthu a m'madera amene amakambirana nawo, chitsanzo chimene a nthambi zina ayenera kutengera. Dziko lino linali loyamba pa dziko lonse kuyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana mu Epulo 2019, ndipo katemera wa taifodi amene ana athu anayamba kulandira mu 2023 anayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi ku Zingwangwa. Makolo amene analola ana awo kulowa m'kafukufuku wotero ndi eni chipambanocho mofanana ndi madokotala, ndipo pa msonkhano wokamba za ntchito yotere mpando wawo uyenera kukhala kutsogolo, osati kumbuyo pafupi ndi chitseko. Chimodzimodzinso opulumuka ku namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, amene ayankha mafunso a alendo osawerengeka za nthawi imene mapiri anatsika ndi matope ku Chilobwe ndi m'midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Dzina la namondweyu lidzamvekabe m'misonkhano yanu kwa zaka zambiri, ndipo sibwino kuti anthuwo azikambidwa ngati manambala iwo kulibe.

Kutsegula chitseko kulibe phindu ngati olowawo akuopa kuyankhula, ndipo apa mbiri ya sukulu zanu ingakuphunzitseni kuposa ine. Mu Sepitembala 1987 a Jack Mapanje, amene ankatsogolera nthambi ya Chingerezi ku Chancellor College, anamangidwa n'kukasungidwa kundende ya Mikuyu, pamtunda wochepa kuchokera m'kalasi mwawo, mpaka mu 1991, osazengedwa mlandu uliwonse. Mu Malichi 1992, kalata ya maepiskopi a Katolika itawerengedwa m'matchalitchi m'zilankhulo zimene anthu amamva, ophunzira a pakoleji yomweyo anali pakati pa oyamba kuguba mumsewu pogwirizana nayo. Ndipo mu Febuluwale 2011 mkulu wa apolisi wa nthawiyo, a Peter Mukhito, anaitanitsa a Blessings Chinsinga kukawafunsa za chitsanzo chimene anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja pochiyerekeza ndi zimene zinkachitika ku Tunisia ndi ku Egypt. Aphunzitsi, motsogozedwa ndi a Jessie Kabwila, ananyanyala kulowa m'kalasi pofuna chitsimikizo chakuti saphunzitsa pamaso pa akazitape, ndipo maphunziro anasokonekera kwa miyezi pafupifupi 8. Ife akumudzi tinkatsatira nkhaniyo pawailesi, ndipo ambiri tinali kumbali ya aphunzitsiwo ngakhale ana athu anali atangokhala pakhomo. Ufulu wa maphunziro umene gawo 33 la malamulo oyendetsera dziko limatchula tinauvutikira limodzi, choncho usathere pa mphunzitsi yekha, ufikenso kwa wofunsa wa pampando wakumbuyo. Mukaitana nduna kapena mkulu wa bungwe la boma, muuzeni pasadakhale kuti akubwera kudzamva ndi kudzayankha, osati kudzatsegulira mwambo n'kunyamuka. Musalole kuti mipando idzazidwe ndi anyamata a chipani chilichonse odzakuwiza wofunsa, mafunso asasankhidwe mseri, ndipo mlimi amene wafunsa za mtengo wa chimanga kapena za makuponi a feteleza abwerere kwawo osayang'ana kumbuyo. Mlendo wolemekezeka akachedwa, inu yambani, adzakupezani.

Tsopano za ndalama, popeza ndikudziwa kuti pamenepo ndi pamene kalata ngati iyi imafera. Mayunivesite a boma ali ndi mavuto enieni, ophunzira achuluka kuposa malo ogona ndi ophunzirira, ndipo chigawidwireni University of Malawi mu 2021, pamene MUBAS ndi KUHeS zinayamba kuima pazokha, sukulu iliyonse ikuyesetsa kudzipezera thumba lake, moti misonkhano yambiri imadalira mabungwe akunja. Koma tonse timaona kumene ndalama za misonkhano m'dziko muno zimalowera. Timaona magalimoto akutsikira kunyanja ku Mangochi ndi ku Salima, kumahotela komwe chipinda cha usiku umodzi chingalipire minibasi yodzaza ndi alimi, timaona zikwama, zipewa ndi malaya olembedwa dzina la msonkhano, ndipo mawu akuti alawansi ngakhale mwana wa Sitandade 5 amawadziwa. Muli ndi maholo anuanu, Great Hall ya ku Zomba ndi ena, amene anamangidwira ntchito yomweyi. Msonkhano ukachitikira pasukulu, ophunzira anu amalowa, aphunzitsi a masekondale oyandikira amabwera ndi ana a Fomu 4, ndipo ndalama ya zikwama ikhoza kulipira omasulira, ola la pawailesi ndi thiransipoti ya anthu 30 ochokera kumene kafukufuku anachitikira. Wofufuza akamalemba bajeti yopempha ndalama, mafuta obwererera kumudzi kukanena zotsatira alembedwe pamodzi ndi mafuta opitira kukafunsa mafunso, ndipo makomiti opereka chilolezo asatseke fayilo ya munthu asanaonetse umboni wakuti anabwerera. Ndinenenso za mbali yathu kuti ndisaoneke wokondera. Nafenso akumudzi tinazolowera moipa, moti ena safika pamsonkhano asanamve kuti pali zakumwa ndi envelopu. Chizolowezicho tinachiphunzira kwa alendo, koma tsopano ndi chathu, ndipo ife a m'makomiti tili ndi ntchito yochithetsa. Muzibwezera munthu ndalama imene wayendera basi, ndipo amene adzabwere adzakhala ofunadi kumva.

Nkhaniyi ndinaitula pamsonkhano wa komiti yathu mwezi wathawu, ndipo agulupu anandilola kulemba kalatayi. Anati ndikuuzeni kuti ngati pali nthambi ina mwa inu imene ikufuna kuyesa, bwalo lathu lilipo. Mabenchi tidzabwereka kusukulu, aphunzitsi aakulu avomera kale bola likhale Loweruka, chimkuzamawu chilipo cha kutchalitchi ndipo batire yake tidzatchaja ndife. Nthawi yabwino ndi Julayi kapena Ogasiti, mpunga titapuntha, chifukwa mukabwera nthawi ya mvula galimoto yanu idzatitimira tisanayambe n'komwe ndipo tsiku lidzathera kukankha. Mudzafike m'mawa. Mayi wa kuchigayo uja wanena kuti adzakhala kutsogolo, ndipo funso lake mwalimva kale.

Ine wanu mwaulemu,

Mphunzitsi wopuma pantchito,
Chigwa cha nyanja ya Chilwa